Diso pa Tayala la a Sipoko

A Sipoko anadziwa kuti zinthu zafika poipa tsiku lomwe anaponda mphaka masana dzuwa likuswa mtengo. Mphakayo sanabisale ayi. Anagona chotambalala pakhomo pa shopu yawo yokonzera njinga, woyera mbuu, ndipo aliyense wodutsa mumsewu ankamuona. Iwo anatuluka tayala lili m'manja, n'kungomva kulira pansi pa phazi lakumanzere. Ometa tsitsi kutsidya kwa msewu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Sipoko nawo anaseka, koma mumtima anali ndi nkhawa, chifukwa sabata yomweyo anali atagubuduza kale chitini cha girisi kawiri, n'kuwombanso phewa pachitseko chomwe akhala akulowapo zaka makumi atatu.

Dzina loti Sipoko linachokera ku thupi lawo: munthu wamtali, woonda, wowongoka. Ntchito ya njinga anaiyamba ali achinyamata, pansi pa mtengo, ndi beseni la madzi lofufuzira pobooka chubu, pampu imodzi ndi sipanala yotha mano. Pang'ono ndi pang'ono anapeza chipinda pakati pa wogulitsa utoto ndi wosoka nsapato, ndipo mpaka lero ali momwemo. Kudenga kumalendewera malimu, pansi pali beseni la parafini loviikamo matcheni, ndipo kukhoma kuli mapu aakulu a mapiri ozungulira tauni, akuda ndi zala za mafuta. Luso lomwe anatchuka nalo ndi kuwongola limu. Amazunguza wilo, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuona kupindika komwe mwini njingayo angalumbire kuti kulibe. Luso limeneli linali lisanawachoke, ndipo n'chifukwa chake panalibe amene ankakayikira kanthu.

Koma ulemu wawo weniweni sunali mushopumo. Unali kumapiri. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, iwo ndi anzawo atatu anayamba kukwera mapiri pa njinga zamagiya Loweruka lililonse, anthu akuwanena kuti mitu yawo sikoka. Tsopano gululo linali ndi anthu khumi ndi awiri, ndipo chaka chilichonse, kuzizira kukatha mitengo n'kuyamba kuphukira masamba ofiira, ankakonza ulendo waukulu wa masiku awiri. Gululi linali ndi malamulo awiri okha. Loyamba linali lakuti gulu likasankha kopita, wotsogolera azikazonda njirayo kusanachitike ulendo, n'kudzanena ngati ili bwino. Lachiwiri linali la potsetsereka: aliyense diso pa tayala lakumbuyo la amene ali patsogolo pake. Pomwe waika tayala mnzako, iwenso ika pomwepo, osayang'ana kumbali, osayang'ana kuphompho, chifukwa njinga imapita komwe maso akuyang'ana.

Tinene zoona, lamulo lachiwirili ndi labwino kwa anthu khumi ndi mmodzi. Kwa wakutsogolo ndi katundu, pakuti iye ndiye amaonera onsewo. Ndipo wakutsogolo, zaka zonsezi, anali a Sipoko.

Nkhani ya mphaka itachitika, anapita kuchipatala cha maso mozemba, atauza akazi awo kuti akukafuna masipoko kwa ogulitsa zitsulo. Dokotala anali mayi wodekha. Anawakhazika patsogolo pa makina, n'kuwapatsa kabatani koti azidina akaona kakuwala kulikonse. A Sipoko anadina kangapo, kenaka anakhala nthawi yaitali osadina, akuganiza kuti makinawo aima.

"Makinawa sanaime, bambo," anatero dokotala. "Timagetsi timayaka, inu simumationa. Matendawa amadya maso kuyambira m'mbali. Pakati mukuona bwino, koma kumanzere ndi kumunsi kwapita kwambiri. Zili ngati mukusuzumira mupaipi."

"Ndiye mundipatsa magalasi?"

"Magalasi sathandiza. Ndikupatsani mankhwala odonthezera kuti zisapitirire msanga, koma zomwe zapita sizibwerera. Mumayendetsa galimoto?"

"Ayi, njinga basi."

"Njinganso muisamale. Pamsewu wabwino, pang'onopang'ono."

A Sipoko anavomera ndi mutu. Za mapiri sanatchule, ndipo kabotolo ka mankhwalako anakabisa m'bokosi la masipanala, pansi pa sanza.

Msonkhano wosankha kopita unachitika Loweruka masana mushopu momwemo, monga mwa masiku onse. Anthu anakhala pamabenchi, ena pamatayala akale. Panali a Hedi, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito amene ankatsogolera zokambirana chifukwa palibe akanawaletsa. Panali a Nesi, mayi wamphamvu pachitunda kuposa amuna onse a m'gululo. Panalinso alamu awo a Sipoko, mchimwene wa akazi awo, telala wonenepa amene gulu linamutcha a Mabuleki, poti ankamaliza mphira za mabuleki mwezi uliwonse. Ndipo pakona panakhala Mzime, mwana wotsiriza wa a Sipoko, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi wogwira ntchito kosindikiza mabuku. Anali atapalasa ndi gululi chaka chathunthu, ndipo uwu unali ulendo wake waukulu woyamba.

Malo analipo atatu. A Hedi anawaloza pamapu ndi sipoko yothyoka: njira yozungulira damu, nkhalango ya paini, ndi phiri lomwe pamwamba pake pali nsanja ya mafoni.

A Sipoko anatsokomola. "Ine chaka chino ndimati tiyesere kudamu. Kuli mphepo yabwino, malo ogona ndi oyera, msewu wake ndi wotakasuka."

Panabuka chikhakhali.

"Kudamu?" anatero a Mabuleki. "Alamu, kudamu n'komwe ndimapititsa adzukulu anga pa njinga zamatayala atatu. Ngakhale ine wamantha kumeneko ndimasiya mahandulo. Kodi achemwali anga akukumanani chakudya?"

"Ndikuganizira inu nomwe, alamu. Mimbayo chaka chino yakula, phiri likuonani."

"Mimbayi ndi imene imanditsitsa msanga. Musaide."

Anthu anasekanso. A Sipoko anayesa njira ina. Anati kunsanja madzi akumwa ndi osowa, a Nesi anati adzanyamula zigubu. Anati kumeneko anapitako kale kasanu, a Hedi anati chakudya chokoma sachisiya chifukwa choti unadyapo dzulo. Anati pali ena m'gululi amene sanazolowere matsitso otero, ndipo apa anali ataponda pomwe sanafune, chifukwa Mzime anadzuka.

"Ngati mukunena ine, bambo, musandichititse manyazi pagulu. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikumva za phiri limeneli patebulo, m'mawa ndi madzulo. Chaka chino ndikufuna ndilione ndekha. Ndiopa chiyani inu muli kutsogolo?"

A Hedi anati akweze manja ofuna kunsanja. Manja anakwera. A Sipoko anachita kutembenuza mutu kuchoka kukhoma lina kufika kukhoma lina kuti awawerenge, ndipo anapeza khumi ndi limodzi. Mawu anali pafupi, akanangoti, anzanga, maso anga atha. Koma anaona nkhope zonsezo zikuwayang'ana monga zakhala zikuwayang'anira zaka zonsezi, ndipo anachita mantha ndi chomwe nkhopezo zingasanduke. Anangoti, "Chabwino. Lachitatu ndikazonda."

"Ndikuperekezani," anatero a Mabuleki. "Masuti a ukwati ndamaliza, ndikufuna mphepo."

Lachitatu anakwera basi ya m'mawa, njinga zili pamwamba, n'kutsikira patsinde pa phiri. Kukwera sikunavute. Pachitunda njinga imayenda pang'onopang'ono, munthu amakhala ndi nthawi yoyang'ana uku ndi uku, ndipo a Mabuleki ankaima pafupipafupi kuti apume, akunamizira kuti akusirira maluwa. Anafika pansanja dzuwa lili pamutu. Mphepo inkalira m'mawaya, ndipo kumunsi tauni inkaoneka ngati mbewu zomwazika. A Sipoko anamwa madzi, anakoka mabuleki onse awiri, anamanga lamba wa chipewa. Kenaka anadikira mpaka alamu awo atamaliza kudya nthochi.

Njira yotsikira kumeneko imayamba bwino, kenaka imapanikizika. Pali chigawo chotalika ngati mabwalo a mpira awiri pomwe kumanja kuli khoma la mwala, kumanzere kuli phompho, ndipo njirayo m'lifupi mwake ndi ngati chitseko chogoneka. A Sipoko ankaidziwa ngati chikhatho chawo. Anadziuza kuti miyendo ikukumbukira, manja akukumbukira, maso angothandizira. Analunjika diso pakati pa njira, patsogolo, n'kumasula mabuleki pang'ono. Miyala inkalira pansi pa matayala. Anadutsa chigawo chonsecho osagwedezeka, n'kuima pomwe njira imatambasukanso, ndipo kwa kanthawi anamva kukoma kwakale kuja. Anati mumtima, dokotala uja amakokomeza.

Kenaka anamva kukuwa kumbuyo.

"Alamu! Alamu inu! Mayo ine!"

Anagwetsa njinga n'kubwerera wapansi, dzanja lili kukhoma la mwala. Anapeza a Mabuleki atatsika panjinga, atakhala pansi msana uli kukhoma, akuloza ndi chala. A Sipoko anaweramitsa mutu kutsata chalacho, ndipo ndi pomwe anaona. Mvula ya chaka chatha inali italuma njirayo kumanzere. Panali chibowo chachikulu ngati beseni losambira, ndipo kupyola pamenepo kunalibe kanthu koma mpweya ndi nsonga za mitengo kutali pansi. M'mphepete mwenimweni mwa chibowocho munadutsa mzere watsopano wa tayala lawo. Pakati pa mzerewo ndi phompho pakanangokwana zala zitatu.

"Munthu wamkulu ngati inu kuchita masewera otere?" anatero a Mabuleki, mawu akutuluka modukaduka. "Malo onsewa kumanjaku, inu n'kukadutsa m'mphepete dala? Mukufuna achemwali anga avale zakuda?"

A Sipoko anayang'anabe mzerewo. Chibowocho sanachione m'pang'ono pomwe. Anadutsa pakamwa pa imfa akumwetulira, osadziwa kuti pali pakamwa.

"Ndinapaona," anatero. "Ndimayesa ngati dothi lake ndi lolimba."

A Mabuleki anapukusa mutu, kenaka anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wapulumuka. "Inu ndinu mfiti ya njinga, alamu. Zala zitatu! Ndikakawauza anzathu sakakhulupirira. Basi tsiku la ulendo apa tidzatsika n'kukankha, kwinako tidzangoika tayala pomwe mwaika inu."

Mawu amenewa ndi omwe anawalasa. Chibowo ichi chaonedwa chifukwa mlamu wamantha anali kutali kumbuyo, akukwawa ngati kamba, maso ali ponseponse mosemphana ndi lamulo. Nanga zina zomwe zili kutsogolo? Nanga mwala wogumuka, muzu wotuluka, mbuzi yodumphira munjira kuchokera kumanzere? Tsiku la ulendo sipadzakhala mpata wotero. Anthu adzakhala atatsatana, ndipo ankadziwa bwino amene adzakhale kumbuyo kwenikweni kwa tayala lawo, poti wachilendo amaikidwa pafupi ndi wotsogolera. Ananamizira kuti tcheni yavuta, ndipo phiri lonselo analitsika akukankha njinga, a Mabuleki akudandaula kuti mmisiri wa njinga sayenda ndi tcheni yabwino.

Pofika Lachisanu nkhani ya zala zitatu inali itazungulira gulu lonse, ndipo inali itasanduka chala chimodzi. Anthu ankabwera kushopu kudzagwira a Sipoko dzanja. Iwo chakudya chinkawakanika. Ankati akazunguza wilo, m'malo moona limu ankaona mzere uja m'mphepete mwa chibowo, ndipo kumbuyo kwake tayala la Mzime likubwera kudzalowa mumzere womwewo.

Lachisanu lomwelo anapita kunyumba masana, zomwe sankachita. Akazi awo anali pakhonde akusita. Anawathirira tiyi, n'kuika kapu kumanja kwawo, pafupi ndi dzanja. Kenaka anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa kabotolo kaja.

"Ndimafuna sanza yopukutira mbaula kushopu kwanu dzana," anatero. "Musandiyang'ane choncho. Kabotoloka sikanandiuze chachilendo. Mukuganiza kuti kapu yanu imakhala kumanja chifukwa chiyani? Miyezi isanu tsopano ndikuyenda kumanja kwanu mumsewu, chifukwa ndikakhala kumanzere mumalankhula ndi mphepo."

A Sipoko anagwira kapuyo ndi manja awiri. "Bwanji osanena?"

"Ndimadikira mwini maso anene yekha. Koma dzulo achimwene abwera pano akusimba za zala zitatu, akuseka. Ine sindinaseke. Munapaona pamene paja, bambo?"

A Sipoko anaika kapu ija pansi. Simbi yositira inkatulutsa nthunzi.

"Sindinapaone."

Mayiwo anakhala pansi pampando. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. "Maso ndi anu, njinga ndi yanu, ngakhale khosi ndi lanu. Koma mwana uja ndinabereka ndine. Mawa mukanene. Mukapanda kunena, ndibwera ndekha kushopuko ndidzanene pamaso pa anzanuwo."

"Mayi, ndikanena ndiye kuti ndatha. Ndidzakhala ndani? Womata machubu basi."

"Ndinakwatiwa ndi womata machubu ine," anatero, n'kudzuka kukapitiriza kusita.

Loweruka anthu anadzaza shopu msanga, ali ndi chimwemwe. A Hedi anatsegula msonkhano ndi mawu ambiri monga mwa chizolowezi chawo, kenaka anati, "Tsopano timve kwa amene anakazonda. Njira ili bwino?"

A Sipoko anaimirira. Mawu omwe anakonza m'mawa onse anabalalika. Anayang'ana mapu, anayang'ana malimu kudenga. Pomaliza anati, "Mzime, tabwera. Ima apa, kumanzere kwangaku. Ayi, pafupi. Ine ndiyang'ana a Hedi. Iwe ukweze dzanja, ndipo ine ndikaliona ndinena."

Anthu anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi masewera. A Sipoko analunjika maso pamphuno ya a Hedi n'kudikira. Anadikirabe. Kuseka kuja kunazilala, mpaka munangomveka phokoso la makina a wosoka nsapato kuseri kwa khoma.

"Wakweza?" anafunsa.

"Kalekale, bambo," anatero Mzime ndi mawu aang'ono. "Likugunda pafupifupi khutu lanu."

"Ndiye mwaona nokha. Kumanzere kulibe, kumunsi kulibe. Adokotala akuti sizibwerera. Ndinadziwa tisanasankhe n'komwe, koma ndinachita mantha kukuuzani. Ndikupepesa."

A Mabuleki ndi amene anayamba kusuntha. Anadzuka pabenchi pang'onopang'ono, nkhope itachita phulusa.

"Alamu, ndiye paja paja...?"

"Sindinapaone, alamu. Ndinakunamizani."

A Mabuleki anakhalanso pansi mwamphamvu, benchi n'kulira. Anatsegula pakamwa kuti anene nthabwala, poti ndiwo mankhwala awo pa chilichonse, koma nthabwalayo sinabwere. Anangovula chipewa n'kuyamba kuchipotokola m'manja. Mzime anali akadali chiimire, dzanja lake litatsika theka. A Sipoko anatembenuka thupi lonse kuti amuone, ndipo anapeza akulira mosatulutsa mawu.

A Nesi ndi amene anabweza anthu m'maganizo. Anafunsa dzina la mankhwala, anafunsa ngati akudontheza pa nthawi yake, n'kuwakalipira pang'ono chifukwa chowasunga m'bokosi la girisi. Kenaka a Hedi anakonza kukhosi.

"Chabwino. Zachitika. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mwatitsina nthawi ikadalipo. Funso ndi lakuti, kunsanjako atitsogolera ndani? Amene akuidziwa bwino njira akweze dzanja."

Palibe dzanja linakwera. Anthu anayang'anana.

"A Hedi, inu mwapitako kasanu," anatero a Nesi.

"Kasanu ndithu," anavomera a Hedi, akukanda pamutu. "Koma kunena zoona, mayi, chomwe ndikuchidziwa paphiri limene lija ndi tayala lanu lakumbuyo. Lili ndi chigamba chofiira pafupi ndi valavu."

Wina anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Zinali zoona kwa onse. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akutsika mapiri, ndipo panalibe mmodzi yemwe akanatha kunena kuti pakatha mwala wakuti njira imakhotera kuti. Ankadziwa pamwamba pomwe amajambulitsa zithunzi, ankadziwa pansi pomwe amamwa zoziziritsa kukhosi. Pakati ponsepo anali atasungitsa kwa munthu mmodzi, ndipo mantha omwe a Sipoko anasenza okha milungu iwiri tsopano anagawanika pankhope khumi ndi imodzi.

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Kunsanja anakusiya. Kudamu anakukana ndithu, ati ngakhale pamavuto munthu amasunga ulemu wake. Anagwirizana za nkhalango ya paini, komwe matsitso ake ndi aatali koma phompho lili pamalo amodzi okha, ndipo anasankha a Nesi kuti atsogolere. A Nesi anavomera pokhapokha lamulo lachiwiri lija litasintha: potsetsereka pazikhala mpata, ndipo aliyense aziona njira ndi maso ake. Anapemphanso kuti a Sipoko apite nawo, azikhala pakati pa gulu.

"Pakati ndiye poipa," anatero a Sipoko. "Wina akadzandidutsa kumanzere ndidzamugwetsa. Pitani. Ine ndikuphunzitsani njira."

Milungu itatu yotsatira, shopu inasanduka kalasi. A Sipoko anajambula njira ya m'nkhalangoyo pamakatoni a matayala, khona ndi khona, kuchokera m'mutu. Apa pali mizu yoterera, apa mlatho wa matabwa awiri, apa mukamva madzi kumanzere yambani kugwira buleki yakumbuyo. A Nesi anakazonda kawiri, n'kubwera ndi zosintha zomwe a Sipoko sankazidziwa: mtengo wagwa apa, odula matabwa atsegula msewu watsopano apo. Chilichonse chotero chinkawalanda tulo ta masana tomwe ankagona pabenchi. Ankafunsa Mzime mobwerezabwereza kuti pamlatho adzatani, mpaka mwanayo anati, "Bambo, mwandifunsa kachisanu lero."

Tsiku la ulendo linacha bwino. Gulu linasonkhana pakhomo pa shopu dzuwa litangotuluka, zikwama kumsana, zipewa kumutu. A Sipoko anayendera njinga zonse khumi ndi imodzi. Anakoka mabuleki, anatsina matayala, anazunguza mawilo. Ya Mzime anaiyendera katatu, ndipo kachitatuko anamangitsa nati yomwe inali yomanga kale. A Mabuleki anabwera n'kuwagwira paphewa lakumanja.

"Mwanayu ndikhala naye kumbuyo, alamu. Mukundidziwa ine, sindithamanga."

"Musakhale naye pafupi kwambiri. Mumpatse mpata aone."

Mzime anawakumbatira mwachangu, chipewa chake chikuwagunda pachibwano. "Ndikuimbirani tikafika pamwamba," anatero.

"Usaimbe uli pamwamba. Udzaimbe mukatsika."

A Nesi analiza belu, ndipo njinga zinayamba kuyenda, kulowera kumanzere komwe msewu umatsikira kusiteji ya basi. A Sipoko anaima pakhomo manja ali m'thumba la ovolosi. Anaona a Nesi akudutsa patsogolo pawo n'kuzimirira, a Hedi n'kuzimirira, aliyense akungolowa m'mbali muja momwe munalibenso kanthu, ngakhale kuti matcheni awo ankamveka pafupi pomwepo. Mzime atafika, anamutsatira ndi mutu wonse, kenaka ndi mapewa, kenaka anachita kusuntha mapazi kuti asamutaye. Anamusunga pakati pa diso mpaka pakona ya wogulitsa utoto. Mwanayo sanacheuke. Maso ake anali panjira, monga anamuphunzitsira, ndipo a Sipoko anatsala ataima chammbali pakhomo pawo, akuopa kuposa mmene anaopera paphiri lililonse.